Chiwindi cha Akulu Anga

Ana anga, za ubwana wanga ku Chadiza ndinakuuzani pakamwa mpaka munatopa nazo, ndiye pano sindibwereza. Ndilemba za ntchito, makamaka za tsiku limodzi limene likandibwerera m'mutu ndimasiya chimene ndikuchita n'kukhala pansi. Munakula mukuona kuti amalume anu, achimwene Lekisoni, akabwera ku Lusaka ankathera ku Chawama kwa amayi anu aakulu, Alinesi, osafika kwathu ku Matero. Mukafunsa chifukwa ndinkakukalipirani. Lero ndikuyankhani.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba inali pa kiliniki ina ya ku Matero komweko, kuyeza ana pa sikelo ndi kubaya katemera. Sindinakhalitsepo. Mkulu wa manesi, mayi wamtali amene ankayenda ndi makiyi m'chiuno, anandipeza tsiku lina ndikusoka dzanja la mmisiri amene anadzicheka ndi sowo, nkhope osatembenuza. Anati, "Iwe Esinati, mtima wako ndi wouma. Malo ako ndi ku fiyeta, kochitira opaleshoni." Ndinakwiya, ndinkayesa anditukwana, osadziwa kuti akundikweza. Ananditumiza kukaphunzira, ndipo ndinatulukako ndili nesi wopatsira dokotala zida pa opaleshoni, pa chipatala chachikulu cha m'tauni. Ntchito yake ndi ya maso. Sudikira kuti dokotala atchule chimene akufuna, umaona kumene dzanja lake likulowera, chida n'kukhala chafika kale.

Bwana wanga kumeneko anali dokotala wina wa kum'mwera amene anaphunzira za opaleshoni kunja. Tinam'patsa dzina loti aChete, chifukwa ankatha kugwira ntchito mmawa wonse osatulutsa mawu. Akakwiya sankakalipa, ankangotambasula dzanja n'kukuyang'ana, iwe n'kumva thukuta likutsika kumsana. Anali ndi kachitidwe kake kamene sankakaphonya. Akatsegula mimba ya munthu wa chotupa cha m'matumbo, asanakhudze chotupacho, ankayamba walowetsa dzanja m'mwamba, pansi pa nthiti, kukasisita chiwindi. Anandifotokozera kamodzi kokha kuti magazi onse ochokera m'matumbo amadzera m'chiwindi, ndiye khansa ikayamba ulendo imafikira kumeneko. Tonse m'fiyeta tinkayang'ana dzanja limenelo. Likatuluka n'kupempha mpeni, tinkadziwa kuti ntchito ilipo. Likatuluka n'kupempha ulusi, ndiye kuti matenda amwazikana, tatsegula ndipo tikutseka. Abale ake tinkawauzira pakhonde, koma wodwalayo ayi. Iye ankangouzidwa kuti apite kunyumba akadye bwino.

Pakati pa zaka za m'ma 1980

Inu munabadwa zinthu zitavuta kale, ndiye simudziwa kuti panali nthawi imene magolovesi tinkavala kamodzi n'kutaya. Zinthu zinatha pang'onopang'ono, ife tikuona. Magolovesi tinayamba kuwachapa, kuwayanika pa chingwe kuseri kwa fiyeta, kuwauzira mpweya kuti tione obooka, n'kuwamata zigamba. Mabandeji tinkachapa. Ulusi wosokera khungu ukasowa tinkaphika ulusi wa mbedza. Okosijeni ankatha, magazi ankatha, madokotala nawonso ankatha, mmodzimmodzi kupita ku mayiko oyandikana nafe. Ukaweruka unkakaima pa mzere wa mafuta ophikira kapena wa sopo, yunifolomu ili m'thupi, ukafika kutsogolo n'kumva kuti zatha. Mabasi analibe matayala. Ine ndinkadzuka kukadali chisisira n'kuyenda wapansi kuchokera ku Matero, nsapato zoyera zili m'chikwama kuopa fumbi.

Nthawi imeneyi ndi imene akulu anga Alinesi anadwala. Ankagulitsa tinsomba touma ta kapenta ndi nyemba pa msika wa ku Chawama, munthu wojintcha, wa phokoso, woti akaseka mzere wonse wa matebulo unkatembenuka. Ankaona magazi akapita kuchimbudzi, koma nkhani za kuchimbudzi ndani amauza mnzake? Pa kiliniki anawapatsa mankhwala a njoka za m'mimba, kenako a kamwazi. Ine ndinadzazindikira tsiku lina atabwera kwathu, nditaona chitenje chimene kale chinkawakwana movutikira chitawazungulira mpaka nsonga yake kufika kumsana. Ndinawatsekera kuchipinda n'kuwafunsa ngati wapolisi. Atandiuza, ndinawatengera kuchipatala kwathu. Ekisire inaonetsa malo amodzi pamene matumbo anaphinjika. Za chiwindi panalibe makina otiuza, chinkadziwika ndi dzanja basi.

Tsono mumvetse mwambo wa kwathu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mkazi ngakhale akwatiwe, abereke, akalambe pa banja, amakhalabe wa kwawo. Pa matenda aakulu ndi pa maliro, mawu omaliza ndi a mlongo wake wamkulu, mwini mbumba. Mwamuna ndi mkamwini chabe. Mwini mbumba wathu anali achimwene Lekisoni, mlimi wa fodya, munthu wosakonda kubwereza mawu. Tinawatumizira uthenga ndipo anabwera. Anakhala pa mpando pabwalo ku Chawama, chipewa chili pa bondo, ine ndikuwafotokozera za opaleshoni. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Matumbo amene awolawo achotse. Koma matumbo okha. China chilichonse muyambe mwandifunsa. Munthu sadulidwa ngati mbuzi ya pa ukwati." Tonse tinaomba m'manja, ngakhale ineyo. Akanakhalapo mpaka tsiku lake, koma opaleshoni ankangoisuntha, lero kulibe okosijeni, sabata yamawa kulibe magazi. Fodya anali atakhwima m'munda, achimwene n'kukwera basi kubwerera ku Chadiza.

Tsiku litakwana, sindinayenere kukhala m'fiyeta. Nesi sapatsira zida pa m'bale wake. Koma mnzanga amene anali pa ntchito mmawa umenewo ankakhala ku Mtendere, ndipo basi sinabwere. AChete anandiyang'ana nati, "Ukakana, tisunthanso." Ndinakasamba m'manja. Ndinapempha kuti nsalu yotchinga nkhope ya wodwala aikweze kwambiri, ndipo ndinadziuza kuti apa pagona mimba chabe, si Alinesi. Anatsegula. Dzanja lija linakwera pansi pa nthiti monga mwa nthawi zonse, koma silinatuluke. Linakhala komweko, likuyenda kumanja, kubwerera kumanzere, kupitanso kumanja. Kenako aChete anati, "Sisitala, bweretsa dzanja lako." Anandigwira pamkono n'kundilowetsa m'mimba mwa akulu anga. Chiwindi chinali chofewa, choterera, koma kumapeto kwake chakumanzere zala zanga zinagunda chinthu cholimba, chachikulu ngati dzira la nkhuku. Zaka zonsezo ndinkaona dzanja limenelo likuweruza anthu a eni, sindinaganizepo kuti lingadzaweruze wa mimba imodzi ndi ine.

Tsiku limenelo aChete analankhula mawu ambiri kuposa chaka chonse. Anati, "Chilipo chimodzi chokha, ndipo chili m'mphepete. Kwina konse ndasisita, kuli bwino. Ndikhoza kuchichotsa lero pamodzi ndi chidutswa cha chiwindi. Koma chiwindi chimataya magazi kwambiri, ndipo magazi tili nawo ochepa. Akhoza kutsalira patebulo pano. Tikachisiya, chidzamupha, mwina chaka chisanathe. Usaganize zoti tidzatsegulanso, chifukwa mwezi uno ukatha ine ndikuchoka, ndipo otsalawa palibe amene adzakhudze chiwindi." Ndinadabwa kawiri, chifukwa zoti akuchoka sitinkadziwa. Anapitiriza kuti, "Wodwala mwini wake anavomera kuti ndichite chimene ndingapeze. Koma anthu a kwanu ndinakhalapo nawo pa mlandu. Sindidula popanda mawu a banja. Ine ndiyamba ndi matumbo, iwe pita ukafunse."

Pakhonde ndinapeza alamu aTembo, amuna awo a Alinesi, atakhala pa benchi, manja akuda ndi girizi chifukwa anali makanika. Anali munthu wabwino, musadzawanenere zoipa. Dzulo lake anali atapereka magazi awo. Ndinawauza zonse. Iwo anakulira m'komboni, ndiye anayankha m'Chinyanja cha m'tauni. "Ba Sister, imwe muziba mwambo. Ine ndine mkamwini chabe. Ba Lekisoni banakamba ati matumbo yeka. Akafa apa, bazakamba ati Tembo anagulisa chiwindi cha mkazi wake. Bazanipoka bana, bazanipoka na nyumba. Siningakwanise." Ndinati, "Alamu, mkazi wanu ali chotsegula patebulo. Uthenga ukafike ku Chadiza, yankho libwere, ndiye kuti sabata yatha. Nenani mawu amodzi okha." Anangogwira mutu n'kuyamba kulira. Ndinawakalipira pamaso pa anthu, mawu amene sindingalembe pano, koma sizinathandize. Sankanama. Zimene ankaopazo zinkachitikadi, ndipo ndinali nditaziona ndi maso anga kwa akamwini ena.

Ndinabwerera, ndinasambanso m'manja, ndinavala magolovesi ena a zigamba. Madzi akutsika m'zigongono ndinkawerengera amene ndingawafunse. Amayi anali atamwalira. Achimwene anali kutali. Ine ndinali wamng'ono pa onse, wamkazi, munthu woti pa bwalo la banja ndimakhala pamphasa kumbuyo. AChete sanadzutse mutu, anangoti, "Banja lati chiyani?" Sindinawanamize. Ndinati, "Mwamuna wake waopa. Mwini mbumba kulibe. Amene alipo ndine. Dulani, mlandu ubwere kwa ine." Mawuwo ndinawamva akutuluka ngati akulankhula wina.

Magazi ngati amenewo sindinawaonenso pa ntchito yanga yonse. Chiwindi sachicheka ngati mnofu. AChete ankachifinya ndi zala pang'onopang'ono, akapeza mtsempha n'kumanga, kufinyanso, kumanganso, ine ndikupereka ulusi ndi nsalu zotsekera, nsaluzo zikubwerera zitanyowa. Magazi amene tinasunga anathera pakati pa ntchito. Wogonetsa odwala, bambo wachikulire amene sankachita mantha ndi kanthu, anati, "Dokotala, mtima ukumveka patali." AChete anangopitiriza kumanga mitsempha. Ine manja anga ankagwira ntchito okha, mutu ukungonena kuti ndapha mwana wa amayi anga, ndapha mwana wa amayi anga. Kenako magazi otayika anayamba kuchepa. AChete anatembenuka n'kuika chidutswa chija m'mbale imene ndinagwira. Chinali chofunda, ndinamva kufunda kwake kudzera m'mbale ndi m'magolovesi. Titatseka ndinatuluka kuseri kumene tinkayanika magolovesi, ndipo mkazi wa mtima wouma uja anasanza mpaka kugwada pansi.

Akulu anga anadzuka. Masiku oyamba anali ngati sadziwa kumene ali, paipi ili m'mphuno, ina m'mbali mwa mimba. Atayamba kumwa phala ndinaphwanya mwambo wina, wa kuchipatala uja wobisira wodwala. Ndinawauza zonse, dzina la matenda, chotupa cha m'chiwindi, zimene alamu ananena ndi zimene ine ndinanena. Anandiyang'ana nati, "Ndiye m'katimu mwatsala chiyani?" Ndinati, "Chatsala chachikulu, ndipo chiwindi chimaphukanso." Iwo anati, "Ngati chigwada?" Ndinati ee. Anayamba kuseka, kusekako n'kuwapweteka pa bala, n'kunditukwana kuti ndichoke ndisawaphe kachiwiri.

Achimwene anafika akulu anga atatuluka kale m'chipatala. Anaitanitsa bwalo ku Chawama, ndipo pa mpando womwe uja anakhalanso, chipewa pa bondo. Alamu anakhala pansi, maso ali pa dothi. Achimwene sanakweze mawu. Anati, "Esinati, mbumba iyi mwini wake ndani?" Ndinati ndi iwo. "Ndinanena chiyani pa mpando uno?" Ndinabwereza zimene ananena, kenako ndinayamba kufotokoza za chotupa, za dokotala amene ankachoka, za uthenga umene sukanafika. Anandidula. "Sindinafunse za chipatala. Akanafera pomwepo, ku maliro anthu akanafunsa ine, osati iwe. Ndikanawauza kuti mlongo wanga wapita m'manda wosakwanira chifukwa kamwana ka sukulu kanalamula?" Pamenepo Alinesi, amene anagona pa mphasa pafupi ndi khomo, anadzutsa mutu nati, "Achimwene, koma ndili moyo." Iwo osatembenuka n'komwe anati, "Iwe khala chete, si nkhani yako."

Ndinayang'ana anthu onse pabwalopo kuti mwina wina adabwa nane. Palibe. Azakhali ankangogwedeza mutu kuvomereza. Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu, ndipo ndinaimirira, chinthu chimene mkazi sachita pa bwalo. Ndinati, "Chiwindi ndi cha akulu anga, imfa ikanakhala yawo, nanga nkhani ikhala ya yani? Tsiku limenelo likanabweranso, ndikanalamulanso chimodzimodzi." Achimwene anavala chipewa. Anati, "Wakula. Uzidziweruza wekha. Phazi langa silidzaponda pakhomo pako." Ine ndinayankha kuti pakhomo panga sipadzalira. Mawu amenewo ndinawanena, ndipo iwo anawamva.

Zaka za m'ma 1990

AChete anapitadi, ndipo sitinamvenso za iwo. Mankhwala a khansa amene amapatsa munthu akachoka ku opaleshoni kunalibe, ndiye tinkangodikira kuti matenda abwerera liti. Ndinaona ambiri amene anawabwerera, musaganize kuti aliyense wodulidwa chiwindi amapulumuka. Koma kwa Alinesi sanabwerere. Ananenepanso, anabwerera pa tebulo lawo la kapenta, ndipo akakangana ndi mnzawo pa msika ankati, "Usandiyambe ine, ndinafa kale theka." Alamu atawachotsa ntchito pamodzi ndi anzawo ambiri, banja lonse linkadya kapenta yemweyo. Achimwene ankabwera ku Chawama, ankadya chakudya chophika Alinesi, koma ine tikakumana pa maliro ankandipatsa moni wa mlendo. Nanenso sindinawapepese. Ndife a mtima umodzi, ine ndi iwo.

Masana ena ndili pa tchuthi, ndikuchapa pabwalo, ndinamva Alinesi akundiitana kuchokera kumsewu. Ndinatuluka thovu lili m'manja. Kuseri kwa mpanda wa maluwa kunaima nkhalamba yowonda, jekete likulendewera m'mapewa, mimba yokha itatupa. Sindinawazindikire mpaka nditaona chipewa cha achimwene. Nditayandikira ndinaona maso awo, achikasu. Ndinali nesi wa zaka zambiri, ndinadziwa tanthauzo lake nthawi yomweyo, ndipo sopo anandigwa m'manja. Alinesi anandikokera pambali nati, "Mvula yagwa kawiri akuona magazi kuchimbudzi. Ku chipatala cha kwathu anawauza kalekale kuti abwere kuno. Akazi awo akuti achimwene ankangoyankha kuti ku Lusaka kuli Esinati." Ndinawapempha kuti alowe apume. Anakana, anangogwira mpanda. Anati, "Esinati, masiku angapo tsopano palibe chikutuluka. Ndiperekeze kuchipatala kwako. Chilichonse akachipeza, adule. Usatume munthu kukafunsa."

Makina oonera chiwindi anali atabwera zaka zimenezo, koma anali atafa, akudikira chitsulo chochokera kunja. Matumbo anali atatsekeka, ndiye kutsegula kunali kosapeweka. Ulendo uno palibe anandikakamiza, ndinapempha ndekha kupatsira zida. Dokotala wake anali mmodzi wa amene anaphunzira pansi pa aChete, ndipo anatengera kachitidwe komwe kaja. Dzanja linakwera pansi pa nthiti. Silinachedweko. Ndinalowetsa langa osadikira kuitanidwa. Kumanja, kumanzere, pamwamba, pansi, paliponse zala zinkagunda timiyala, ngati ukupapasa thumba la mtedza. Ndinati, "Dokotala, mwini wake anati mudule chilichonse." Anandiyang'ana mwachisoni nati, "Sisitala, tidule chiyani, tisiye chiyani?" Tinangowatsegulira njira pambali pa mimba kuti chimbudzi chizitulukira m'thumba, n'kutseka.

Matenda amenewa ali m'magazi mwathu, ana anga. Agwira awiri a mimba imodzi. Aliyense wa inu akadzaona magazi kuchimbudzi, kapena mimba ikasintha kayendedwe kake, asadzachite manyazi, asadzadikire mawu a munthu, ndipo asadzaope khomo la m'bale wake ngakhale atayambana chotani.

Achimwene atadzuka ku wodi, Alinesi anali mbali ina ya bedi, ine mbali ina. Anapapasa pamimba, anapeza thumba lija, kenako anandiyang'ana. "Mlongo wanga, wadula?" Alinesi ananditsina kuti ndiname. Ndinati, "Ayi, achimwene. Mwabwera mochedwa." Anatseka maso nati, "Ndinkaopa pakhomo pako."

Ku Chadiza sakanafika, ndipo ku Chawama kunalibe malo. Tinawatengera ku Matero, kuchipinda chimene inu munkagona, kumene Alinesi anawasambitsa ndi kuwamwetsa phala mpaka tsiku lomaliza. Tsiku lowabweretsa anali atalephera kuima. Alamu aTembo anagwira kumutu, ine ndi Alinesi kumiyendo, tinawalowetsa atagona pa bulangete. Tikudutsa pakhomo ndinayang'ana mapazi awo ali m'manja mwanga, ndipo sanaponde.